Kachikumbu ka m'njedza

Amuna anga anachokera ku Nazombe kudzakwatira kwathu, m'mudzi wa m'mphepete mwa dambo la nyanja ya Chilwa, kumene tinkalima mpunga. Nkhondo yaikulu ya azungu inali itangotha kumene. Iwo sanapiteko chifukwa ankatsimphina mwendo wakumanzere, koma anali ataphunzira kusukulu ya mishoni mpaka kudziwa kulemba ndi kumva Chizungu. Mzungu wina wa ku Zomba, amene ankayang'anira za dzombe, anawalemba ntchito yoyenda m'dambo kufufuza kumene dzombe laikira mazira, n'kutumiza uthenga lisanauluke kukagwa m'minda. Anawapatsa kope, pensulo, timabotolo ta sipiriti ndi galasi lozungulira lokuza zinthu, limene ankalivala pakhosi ndi chingwe.

Anali munthu wosalankhulalankhula. Azilamu awo ankawaseka kuti mkamwini wanji wosadziwa kutchera mono, wongokhalira kuwerama pa udzu ngati wataya ndalama. Ine sindinkadandaula. Munda wa mayi anga ankalima bwino, mowa sankamwa, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kulemba, ndi kamtengo pamchenga wa kuseri kwa nkhokwe. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zitatu. Ankayankhula mosakaniza Chilomwe cha agogo ake ndi Chinyanja cha bambo ake, ndipo ankakonda kuwakwera pamsana kuti asuzumire m'galasi lija.

Kachikumbu kameneka ndinayamba kukaona ndine. Tsiku lina ndinkasenda njedza zolukira mphasa, zimene ndinadula m'madzi a m'chiuno, ndipo kanthu kena kanadumpha n'kutera pamkono panga. Ndinayesa nthata. Ndinakatsina ndi zala n'kukapereka kwa amuna anga mwanthabwala, n'kuwauza kuti nalo dzombe lanu, kalembeni m'kope. Iwo anakaika pachikhatho, n'kutsitsa galasi, n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali mpaka ndinaiwala kuti ndawapatsa kanthu. Kenako anandiitana kuti ndidzaone.

Ndi maso okha kanali kakang'ono kuposa njere ya mapira. M'galasi kanali kachikumbu kathunthu, kowulungika, kofiirira ngati fodya wouma, thupi lonse lili ndi ubweya wosalala wogona chakumbuyo. Mutu kanaubisa pansi pa mapewa. Ntchafu za miyendo yakumbuyo zinali zonenepa, ndipo amuna anga anati n'chifukwa chake kamadumpha. Pamsana panali timadontho tiwiri tachikasu, kena uku kena uku, ndipo kumapeto kwa mapiko kunali timaenje tiwiri ngati pobayidwa ndi singano. Anatenga njedza imodzi n'kuisenda pang'onopang'ono. M'timadzi totsalira pakati pa masamba munali tiana take, taphwatalala, ta nyanga zazitali ngati ulusi.

Kuyambira tsiku limenelo kope la dzombe linayamba kudzaza kuchokera kumbuyo. Ankajambula kachikumbuko chagada, chafufumimba ndi chammbali, n'kulemba kumene kapezeka, kuya kwa madzi ndi mwezi wake. Ankawerenga timfundo ta panyanga zake mobwerezabwereza kuopa kulakwitsa. Mzungu uja atabwera m'chilimwe, anakhala pa mpando wathu wa ndalema tsiku lonse akufananiza ndi zithunzi za m'mabuku awiri amene anabwera nawo, koma sanapezemo kofanana nako. Anatenga botolo limodzi n'kulitumiza kwa mnzake wa kutsidya kwa nyanja, katswiri wa zikumbu.

Yankho linabwera patapita miyezi yambiri. Katswiriyo anati n'kutheka kuti kachikumbuka sikanalembedwepo ndi munthu aliyense padziko, koma sakanatha kutsimikiza, chifukwa tonse ta m'botolo tinali tatikazi. Timaenje ta kumapiko tija tinali chizindikiro cha ukazi. Mtundu wa zikumbu zoterezi umadziwika bwino ndi kamphongo, akakatumbula n'kuona ziwalo zake zam'kati ndi makina. Ndiye anapempha kuti tipeze kopanda timaenje.

Amuna anga anafufuza nyengo yonse ya dzinja osakapeza. Ine ndinkawathandiza ndikamachokera kumpunga, ndipo mwana ankanyamula botolo. Chilichonse chodumpha iye ankachitcha chake. Tinagwira tambirimbiri, koma tonse tinali ndi timaenje.

Mpunga utayamba kucha, msodzi wina anawauza kuti m'kati mwenimweni mwa dambo, ulendo wa tsiku lathunthu pabwato, njedza zachita maluwa ndipo tizilombo todumpha timachita kugwera m'bwato. Anapangana zonyamuka m'mawa mwake. Kutacha, mwana anadzuka thupi lili lofunda ndipo anakana phala. Ndinawauza kuti adikire tione mmene aswerere. Iwo anamugwira pachipumi, n'kumunyamula, mwana n'kuseka akukoka chingwe cha galasi. Anati ndi chimfine chabe, ndipo maluwa a njedza sachedwa kufota. Akaphonya, ndiye mpaka chaka chamawa. Analonjeza kubwera tsiku lachitatu. Sindinaumirire. Zimenezi ndiyenera kunena, chifukwa pambuyo pake ndinkayankhula ngati ndinawagwira mwendo, pamene kamba wa paulendowo ndinawamangira ndine.

Tsiku lachiwiri masana mwana anayamba kukomoka, maso atatembenuzika. Mayi anga anamufukiza mankhwala koma sizinathandize. Ndinamubereka n'kuyamba ulendo wa ku Phalombe, kumene kunali kachipatala, mchemwali wanga akunditsatira ndi madzi m'chipanda. Tinayenda mpaka dzuwa kupendeka. Pena pake ndinamva kuti mutu wake ukugunda msana wanga mosiyana ndi kale, koma ndinapitirizabe kuyenda, ndipo mchemwali wanga atandiuza kuti tiime timuone, ndinakana. Tinadutsa midzi iwiri ndisanalole kumasula nsalu. Mwana anali atatisiya kale, ndipo tinabwerera naye kumudzi.

Abale anatuma anthu awiri pabwato kukafuna bambo ake. M'njedza za ku Chilwa munthu akhoza kukudutsa pafupi ngati apa ndi apo osakuona. Anaitana mpaka mawu kusasa, n'kubwerako okha. Tinadikira tsiku limodzi, kenako atsibweni anga, amene anali mwini mbumba, anati sitingasungenso, ndipo tinaika.

Amuna anga anafika m'mawa mwake. Ndinawaonera patali akubwera m'njira ya kudambo, akuyenda mofulumira kuposa mmene mwendo wawo unkalolera, dzanja lili pathumba la malaya. Atafika pamtengo wa mango anaona mikeka pabwalo ndi amayi atakhala mondondozana m'khonde. Anaima. Anangokhala pansi pomwepo panjira, ndipo atsibweni anapita kukawadzutsa.

Masiku a maliro sitinayankhulane. Titameta, anthu n'kubalalika, ndinatenga malaya awo kuti ndikachape, ndipo m'thumba ndinapezamo kabotolo. Munali kachikumbu kamodzi kokha, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: kamphongo, ndi tsiku lake. Kulemba anandiphunzitsa okha, choncho tsikulo ndinaliwerenga. Linali lomwe lija ndinkayenda panjira ya ku Phalombe.

Pabwalo pankanyeka moto wa mankhusu a mpunga. Ndinachotsa chotsekera n'kukhuthulira zonse pamotopo. Sipiriti inalilima mwadzidzidzi n'kundiwaula cheya cha pamkono. Nditatembenuka, ndinaona amuna anga ataima pakhomo. Anali ataona zonse. Anabwera n'kundigwira dzanja, kulitembenuza uku ndi uku.

"Mwapsa?" anandifunsa.

Ndinalanda dzanja langa n'kupita kuchitsime. Za botololo sanazitchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

M'mudzi munayamba manong'onong'o. Ena ankati munthu wosunga tizilombo m'mabotolo si wabwino, ndipo mwana anamupereka kuti akhwimire ntchito ya kwa mzungu. Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza. Kachikumbuko ndinakapeza ndine, ndipo ndinkadziwa zonse zimene zinali m'kope. Koma akamanena kuchitsime ndinkangokhala chete, ndipo kukhala chete kwangako anthu ankakumva ngati kuvomereza. Patapita mwezi, atsibweni anaitana mbumba ndi ankhoswe a ku Nazombe. Ananena zambiri, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndikufuna kuti mkamwiniyu akhalebe. Mawu amodzi okha akanakwana. Ndinayang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi kachitsotso. Anafunsa kachiwiri. Amuna anga anadikira pang'ono, kenako anathokoza atsibweni chifukwa chowasunga zaka zonsezo, n'kulowa m'nyumba kukatenga mkeka, kope ndi mabotolo. Khasu lawo analisiya.

Ku Nazombe sanabwerere. Anakakhala kudooko la asodzi, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kwathu, n'kumapitiriza ntchito ya dzombe. Mvula ya chaka chimenecho inavuta, ndipo ya chaka chotsatira inavutiratu. Nyanja inathawa n'kusiya matope ong'ambika, mabwato atagona pamtunda. Mpunga sitinakolole. Anthu ankatentha njedza zouma posaka mbewa ndi kukumba milamba m'matope, moti utsi unkaoneka mlungu wathunthu. Ndinkamva kwa amayi ogula matemba kuti amuna anga amatsatira madzi kumene athawira, n'kumalowa m'zithaphwi zotsalira, ndipo akutsokomola. Mwezi uliwonse ankatumiza kanthu kwa mayi anga, pena mchere, pena nsomba zouma, popanda uthenga.

Ndinapita kukawaona m'chilimwe chachiwiri. Ndinadziuza kuti ndikukagula nsomba. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa msasa wa udzu, akusenda njedza imodzimodzi pansalu yoyera. Anali ataonda mpaka chingwe cha galasi chinkaoneka cholemera pakhosi. Anandiyalira mkeka ngati mlendo, n'kufunsa za mayi ndi za atsibweni. Ndinayankha. Kenako mkwiyo umene ndinkayesa kuti unatha unabweranso, ndipo ndinawafunsa kuti kodi kachilombo kameneka sikanawakwanebe, katatha kuwadyera mwana ndi banja.

Anapitiriza kusenda njedza ija mpaka kuimaliza.

"Mayi," anatero, "tsiku lija ndinachoka mwana akutentha thupi. Inu munanena, ine sindinamve. Ndikapanda kukapezanso, ndiye kuti ndinachokera chabe."

Anandiuzanso kuti munthu wopeza mtundu watsopano amaloledwa kupempha dzina loti aupatse, ndipo iwo anali atalembera kale mzungu uja kuti akatsimikiza, adzautche dzina la mwana wathu. Kalatayo anailemba mwana ali moyo, mlungu womwe yankho la katswiri linafika. Ankafuna kudzandiuza pepala litabwera.

Sindinalire pamaso pawo. Ndinapita kuseri kwa msasa, kumene asodzi ankayanika maukonde, n'kukhala kumeneko mpaka mtima kutsika. Nditabwerako ndinapinda mkeka wawo n'kusonkhanitsa mabotolo mumtanga wanga wa nsomba. Anafunsa ngati atsibweni akudziwa. Ndinati adziwa tikafika. Ulendo wa theka la tsiku tinauyenda tsiku lathunthu, chifukwa ankapuma pafupipafupi, ndipo akatsokomola ankatembenukira kumbali kuti ndisaone zimene akulavula.

Atsibweni sanawabweze, mwina chifukwa anaona okha mmene munthuyo analili. Amuna anga tinapita nawo kuchipatala pamachira, kumene anatipatsa mankhwala a m'botolo, koma wothandiza adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chifuwacho chinalowerera. Anakhala nafe miyezi isanu ndi itatu. Masiku amene apezako bwino ankakhala pakhonde n'kumandionetsa za m'kope tsamba ndi tsamba: mmene ndingagwirire galasi, mbali yoti kuwala kuchokere, ndi mmene kapepala ka m'botolo kamalembedwera, malo poyamba, kenako tsiku, kenako dzina la wogwira, ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka. Kamphongo kaja anali atakajambula ali m'bwato, mizere yake yokhotakhota chifukwa cha mafunde. Kanali kocheperako, nyanga zake zokhuthala.

Kangapo konse ndinafuna kupepesa za moto uja. Ndinkayamba ndi mawu ena, iwo n'kuyang'ana kwa ine kudikira, ine n'kumaliza ndi kufunsa ngati akufuna madzi. Ndinkaganiza kuti mpata ulipobe. Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, ine ndili kuchitsime. Tinawaika pafupi ndi mwana, ngakhale abale awo ankafuna kuwatengera ku Nazombe.

Mvula inabwera yambiri chaka chotsatira ndipo nyanja inabwerera m'malo mwake. Njedza zinaphuka pa zitsa zopsa zija. Ndinkapita kumpunga ngati wina aliyense, koma ndikaweruka ndinkalowa m'madzi ndi nsalu yoyera ndi galasi, nditalibisa m'kati mwa chilundu kuti anthu asayambenso zonena. Chaka choyamba sindinaone kachikumbu ngakhale kamodzi. Chachiwiri tizikumbuto tinayamba kuoneka, tatikazi tokhatokha. Nditamva kuti njedza zachita maluwa m'kati mwa dambo, ndinapempha msodzi yemwe uja kuti anditengeko. Anakana kawiri, akuti mkazi sapita kumeneko, ndipo kachitatu anavomera mkazi wake atati atiperekeza.

Kumeneko njedza zinali zazitali kuwirikiza munthu, ndipo kunkatentha mopanda kamphepo. Ndinayala nsalu m'bwato n'kugwedeza maluwa, ndipo tizikumbu tinagwa ngati mapira opunthidwa, n'kumadumpha. Ndinagwira tambiri n'kuyamba kuyang'ana kamodzikamodzi, galasi likuchita nthunzi. Kachisanu ndi chinayi kanalibe timaenje. Ndinapukuta galasi n'kuyang'ananso, kenako ndinatembenuka kuti kuwala kuchokere mbali ina monga anandiphunzitsira. Mapiko anali osalala mpaka kumapeto. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditapeza titatu. Mkazi wa msodzi anafunsa ngati ndapeza chimene ndimafuna, ndipo ndinangogwedeza mutu movomera. Sindinasangalale. Ndinangoona kuti malowo sanali kutali kwenikweni, ndipo munthu akanamva kuitana akanafika kumudzi tsiku lomwelo.

Kapepala ndinalemba ndili kunyumba. Malo ndi tsiku sizinandivute. Pa dzina la wogwira ndinalemba la amuna anga.

Botolo ndi kope ndinapita nazo ku Phalombe n'kuzipereka kwa munthu amene analowa ntchito ya dzombe m'malo mwawo. Anandiuza kuti mzungu uja anabwerera kwawo kalekale, koma alipo wina ku Zomba amene angadziwe kotumiza. Kope ndinalipereka monyinyirika, chifukwa munali dzanja lawo lonse, ndipo silinabwerenso.

Panapita zaka zinayi. Ndinali nditakwatiwanso ndi bambo wina wofedwa, munthu wabwino, ndipo ndinali ndi mwana wamwamuna kumsana. Tsiku lina aphunzitsi a pasukulu ya mishoni anatuma uthenga kuti kwabwera kalata yanga. Munali masamba atatu osindikizidwa m'Chizungu ndi kakalata kafupi ka mzungu uja, kopepesa maliro onse awiri. Patsamba lachiwiri panali chithunzi cha kachikumbu chachikulu ngati chikhatho, ndi zithunzi zina za ziwalo zam'kati zimene sindinazizindikire.

Aphunzitsi anandikhazika pabenchi ana ataweruka, n'kumamasulira mzere ndi mzere. Anawerenga za kutalika kwake, mtundu wa thupi, ubweya, ntchafu zonenepa, timadontho tiwiri, ndi kuti tiana take timakhala m'madzi a pakati pa masamba. Zambiri zinali zomwe zija za m'kope, mwina mpaka kandondomeko kake, moti ndinkadziwa chobwera asanachinene. Pepalalo linati mtunduwu ndi watsopano. Kenako anawerenga dzina lake, mawu awiri aatali achilendo, ndipo sindinamvemo chilichonse. Ndinawapempha abwereze. Anabwereza, koma sindinamvebe. Ndiye anandipatsa pepala n'kuphimba ndi chala zilembo ziwiri zakumapeto kwa liwu lachiwiri, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi. Linali dzina la mwana wanga, lolembedwa bwinobwino. Chiikireni maliro ndinali ndisanalitchulepo, ndipo tsiku limenelo ndinalitchula mokweza m'kalasi mopanda anthu, mwana wa kumsana n'kudzidzimuka.

Nditakhala bata ndinafunsa ngati pepalalo likunenapo za bambo ake. Aphunzitsi anafufuza n'kupeza mzere umodzi kumapeto, wonena kumene timphongo titatu tinagwidwa, tsiku lake, ndi amene anagwira. Anawerenga dzina la amuna anga, kenako tsikulo, n'kuima. Aphunzitsiwo ndi amene anatsogolera nyimbo pamaliro awo, ndipo chaka ankachidziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa ngati ndikufuna kuti alembe kalata yokonza polakwika.

Ndinawauza kuti palibe polakwika.

Anapinda masambawo n'kuwabwezera mu envulopu. Ndinawasunga m'chitini cha tiyi pamwamba pa khoma, ndipo amuna anga achiwiri, amene sankadziwa kuwerenga, sanafunsepo kuti muli chiyani. Chaka china madzi osefukira analowa m'mudzi n'kugwetsa nyumba, chitini n'kupita ndi zina zonse. Ana anga anakula akudziwa kuti ndinali ndi banja lina kale ndi mwana amene anamwalira, basi. Wamkulu uja ndi amene wandigulira kope lino, poganiza kuti ndikufuna kulembamo nyimbo za kumvano.